Wothamanga Sapereka Moni

Nsapato za alamu anga ndinabisa ndine. Ndiyambire pamenepo, chifukwa anthu nkhaniyi amaifotokoza mokhotakhota, ena amati zinabedwa, ena amati eni ake anasinthitsa ndi mowa. Bodza lenileni. Ndinazikulunga m'jumbo, n'kupita nazo kuntchito kwanga, n'kuzikankhira pansi pa tebulo limene ndimasitirapo zovala za anthu. Ndipo pochita zimenezo ndinkadziona ngati mayi wanzeru zedi.

Alamu amenewa ndi mng'ono wawo wa amuna anga, bere limodzi. Ntchito yawo ndi yopaka vanishi kushopu ya akalipentala, tsidya lina la njanji. Ena amacheka matabwa, ena amakhoma, koma mpando usanapite kwa mwiniwake umayamba wadutsa m'manja mwa alamu. Amaukwecha ndi sandipepa, kuupukuta, kuupaka, kudikira kuti uume, kenako kuukwechanso. Tebulo lopaka iwo mukhoza kupesa tsitsi mukudziyang'anira pomwepo. Manja amenewo Mulungu anawapatsa mosaumira. Chimene anawamana ndi mphamvu yodutsa pakhomo pa bala osalowa.

Anamwa zaka khumi ndi ziwiri, pa bala imodzimodzi. Kuti mumvetse, ndikuuzeni mmene njira yake ilili. Kuchokera kushopu kubwera kwathu kuno njira ndi imodzi yokha, mlatho wa anthu oyenda pansi umene unadutsa pamwamba pa njanji. Njanjiyo anaitchinga ndi mpanda wawaya uku ndi uku, ndipo ukati uzungulire kumsewu wa magalimoto ndi ulendo wa maola awiri. Ndiye ukatsika masitepe a mlathowo mbali yathu ino, phazi lako limaponda pakhonde pa bala. Amene anamanga bala pamenepo ankadziwa chimene akuchita, Mulungu amuone.

M'balamo alamu ankawatchula kuti Mzati, chifukwa ankaima motsamira mzati wapakati mpaka miyendo itakana. Pakhomo pake pamakhala mkulu wina wa imvi amene onse amamuti a Tcheya. Iwowo sagwira ntchito ina iliyonse koma kukhala pakireti n'kumapereka moni kwa aliyense wotsika mlatho.

Mkazi wa alamu anatopa, anatenga ana n'kubwerera kwawo. Nyumba imene ankakhala anawatulutsamo. Tsiku lina m'mawa amuna anga anauzidwa kuti mng'ono wawo wagona m'ngalande, ndipo anakawatenga pawilibala, dzuwa likuswa mtengo, anthu akuonerera. Amuna angawa amakonza mawailesi ndi ma TV pakhonde pathu pomwepa, ndipo ndi munthu wosayankhulayankhula. Akanena chinthu ndiye kuti achikhomera ndi msomali. Alamu atatsitsimuka, amuna anga anawaimika pabwalo, ine ndikumva.

"Chipinda chakumbuyo ndi chako," anatero. "Udya chimene tikudya ife. Koma dontho limodzi, limodzi lokha, utuluka. Sindibwereza."

Alamu analibe kwina kopita, ndipo tonse atatu tinkadziwa kuti akatuluka pano kobwerera ndi kungalande komwe kuja.

Masabata oyamba anali omvetsa chisoni. Manja ankanjenjemera moti tiyi ndinkawathirira theka la kapu. Ankapita kuchipatala Lachitatu lililonse, kukakumana ndi anzawo osiya mowa. Kenako tsiku lina ndikuanula zovala ndinangoona munthu akubwera chothamanga, ovolosi yodzaza vanishi, majombo a kuntchito ali phwa phwa phwa, lilime panja.

"Alamu, akukuthamangitsani ndani? Mwaba chiyani?"

Anangowefuka, mpweya utawathera. Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi. Faifi koloko akaweruka, hafu pasiti faifi ali pano. Anadzapeza nsapato zothamangira za pakaunjika, zobiriwira ngati chule, n'kumazichapa Loweruka lililonse ndi kamswachi kakale. Mvula igwe, iwo athamanga. Chimfine chiwagwire, athamanga. Ngakhale Lamlungu, shopu ili yotseka, ankanyamuka masana kupita tsidya lija kuti faifi koloko ikawapezere komweko, abwerere chothamanga. Ine ndinkawaseka mpaka kugwira nthiti. Ndinkati munthu wa zaka makumi anayi ndi zitatu, mpikisano wake ndi uti umene mukukonzekerawu? Iwo ankangomwetulira, akupukuta thukuta ndi malaya.

Koma thupi linasintha, zimenezo sindingakane. Chimimba chija chinaphwa, maso ofiira aja anayera, masaya anabwerera. Miyezi khumi ndi inayi inatha osalawa. Amuna anga sananenepo kanthu, koma ndinkawaona akuwaonjezera ndiwo m'mbale mwakachetechete.

Mavuto anayamba ndi bondo lakumanja. Linatupa ngati papaya, ndipo m'mawa alamu ankatsika pabedi chogwira khoma. Ndinawakokera kuchipatala ndine, ndipo dokotala ananena ine ndili pomwepo kuti masabata awiri osathamanga, apo ayi bondolo lidzafuna mpeni. Alamu anavomera ndi mutu. Madzulo a tsiku lomwelo anabwera chothamanga, bandeji ikulendewera. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Apa mtima wanga unawira. Ndinati munthu uyu wasiya mowa n'kuyamba misala ina, ndiye ndimusiye adzipundule ndikuona? Lachitatu m'mawa, iwo ali kubafa, ndinatenga nsapato zija.

Atatuluka anafunafuna pansi pa bedi, kuseri kwa chitseko, padenga la bafa pamene ankaziyanika. Kenako anabwera kukhitchini.

"Alamu, ndipatseni."

"Chiyani?"

"Mukudziwa. Chonde ndipatseni."

"Dokotala anati chiyani? Masabata awiri simufa nawo. Muziyenda ngati anthu ena onse."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anatsegula pakamwa ngati anena kanthu, koma anaona amuna anga akutulutsa tebulo lawo pakhonde, n'kutsekanso. Anavala nsapato zakale zachikopa za achimwene awo, zosalala kuphazi, n'kumapita. Ine sindinafunse chimene ankafuna kunena. Paja amati safunsa anadya phula.

Ine ndimaweruka hafu pasiti folo, ndipo kuntchito kwanga ndi mbali yathu yomwe ino ya njanji. Tsiku limenelo ndinafika kunyumba, ndinateleka madzi, ndikumvetsera kugeti. Hafu pasiti faifi inakwana, zii. Ndinati paja lero akuyenda, achedwerapo. Kota tu sikisi, zii. Sikisi koloko inakwana amuna anga ali pakhonde ndi wailesi ya munthu yotsegula kumimba, osadzutsa mutu, koma ndinaona kuti sikuludiraiva ili m'manja mwawo siikuzungulira. Ndinaphula madzi aja.

"Ndikagule sopo," ndinatero.

"Sopo alipo," anayankha osandiyang'ana.

"Ndati ndikagule sopo!"

Ndinayenda mwendo uli m'khosi. Nditayandikira bala ndinasuzumira mkati mtima uli thithithi, pamzati panalibe munthu. Nditakweza maso ndinawaona. Anali pamwamba pa mlatho, atagwira chitsulo cham'mbali ndi manja onse awiri, buluku litang'ambika pabondo. Anthu ankawadutsa uku ndi uku, iwo ali chiimire ngati mlonda. Ndinakwera masitepe aja ndikuwefuka, poti thupi langali si la masitepe.

"Mukutani pano? Mukuwerenga sitima?"

"Ndinayesa kuthamanga ndi nsapato izi," anatero. "Ndaterereka pokwera. Bondo lapindikira kumbali, ndamva kulira."

"Ndiye bwanji osatsika pang'onopang'ono n'kumabwera kunyumba? Ola lathunthu!"

Analoza pansi ndi chibwano. A Tcheya anali pakireti pawo, atatiyang'ana, akumwetulira.

"Alamu, munayamba mwaonapo munthu akuimitsa wothamanga kuti amupatse moni?" anandifunsa.

Ndinapukusa mutu.

"Ine kuthamanga sindikukonda. Ndimadana nako, chifuwa chimapsa. Koma ukamayenda, a Tcheya amaimirira n'kukutambasulira dzanja. Ndi aakulu, ungawadutse ngati mtengo? Ukawapatsa dzanja salisiya. Amafunsa za kuntchito, za ana, za achimwene, uku akukukoka pang'onopang'ono, fungo lija likukulowa m'mphuno. Ukamadzazindikira uli pamzati, botolo lili m'manja. Ndinayesa kusiya kasanu konse kale, ndipo kasanu konse ndinagwera pa moni. Koma wothamanga amangokweza mkono basi, palibe amamuimba mlandu."

Mayo ine. Miyezi khumi ndi inayi ndikuseka munthu, osadziwa kuti akuthawa imfa yake tsiku ndi tsiku. Manyazi amene ndinamva pamlatho paja sindinawamvepo chibadwire. Ndinafuna kulira, koma ine chisoni chikandigwira chimatulukira kukamwa ngati mkwiyo.

"Ndiye munalibe pakamwa m'mawa muja?"

"Achimwene anali pomwepo. Akanamva kuti mpaka lero sindingathe kudutsa apa choyenda, akanati sindinasinthe."

Pansi paja a Tcheya anali ataimirira kale, akukonza jekete. "Mzati!" anaitana. "Lero ndiye tikupatsane moni ngati anthu. Tsika, mwana wanga, takusowa!"

Alamu anagwiritsitsa chitsulo chija. Kuthamanga sakanatha, kubwerera kunalibe. Ndiye ndinadzifunsa kuti kodi winanso amene anthu samuimitsa panjira ndi ndani? Yankho lake ndinali nalo m'kamwa momwemu. Palibe munthu amalowerera mayi akamakalipira wachibale wake.

"Gwirani phewa langa," ndinanong'ona. "Maso pansi. Musayankhe aliyense."

Tinayamba kutsika, ndipo ndinatsegula pakamwa mmene ndimatsegulira. "Munthu wamkulu ngati inu kusiya thaulo lonyowa pabedi! Mukuona ngati m'nyumba muja muli wantchito? Sopo ndikagula Lolemba, Lachitatu watha, mumadya kodi? Masokosi anu ndawapeza m'ndowa yanga yotungira madzi akumwa! Ndatopa nanu ine, mwamva? Ndatopa!"

Amene ankakwera anatipatukira. Amene anali pakhonde la bala anayang'ana kumbali, wina anaseka chamumtima. A Tcheya anabwera ndithu, dzanja lili patsogolo. "Pepani mayi, ndingomupatsa moni mwanayu..."

"Inu bambo, simukuona kuti ndikuyankhula? Kwanu amalowerera nkhani za m'banja la eni? Chotsani dzanjalo ndisanakuphatikizeni!"

Dzanja lija linabwerera m'thumba. Tinadutsa. Zala za alamu zinandisiyira mabala paphewa, ndipo titakhota pakona anatsamira mpanda wa munthu n'kusanza madzi okhaokha.

Nsapato ndinabweza tsiku lotsatira, koma zinali zopanda ntchito. Kugwa kuja kunaononga bondo kwambiri, ndipo dokotala anati tsopano ndi masabata asanu ndi limodzi. Masabata awiri ndinawasandutsa asanu ndi limodzi ndi nzeru zanga. Choncho ndinanyamula mtolo wanga. Tsiku lililonse ndikaweruka ndinkapita kumlatho, kukwera, kuwapeza alamu akundidikira pamwamba ndi ndodo yawo, n'kutsika nawo ndikulalata. Amuna anga ndinawauza kuti ndimakawathandiza masitepe, zomwe sizinali bodza kwenikweni.

Pofika sabata yachiwiri milandu inandithera. Ndinawakalipira za thaulo katatu, za mchere, za kulira kwa mkonono, mpaka za tambala wa aneba. Tsiku lina ndinangoti kakasi pakati pa masitepe, alamu n'kundinong'oneza kuti, "Dzulo sindinatseke bwino mpopi." Ndinaugwira mpopi umenewo mpaka pakona. Mbiri yanga inaipa, amayi kumsika ankati mkazi uja ndi nkhanza, akuzunza mlamu wake wolumala. Ndinalibe nazo ntchito. Koma musaganize kuti zinali zoseketsa kwa ife. Tsiku lililonse malaya a alamu ankafika pakona paja atanyoweratu, ndipo a Tcheya sankatichotsa maso.

Tsiku lakhumi ndi chisanu ndi chiwiri magetsi anazima kuntchito kuyambira m'mawa, n'kudzayaka cha m'ma fili koloko. Panali mulu wa nsalu za patebulo za kuhotela zofunika tsiku lomwelo, ndipo abwana anati palibe atuluke zisanathe. Ndinasita ngati wamisala, diso lili pawotchi yapakhoma. Hafu pasiti folo. Faifi. Alamu foni analibe, anaikana dala kuti anzawo akale asamawapeze. Ndikanatha kuwaimbira amuna anga kuti apite kumlatho, koma ndikanati chiyani? Kuti mng'ono wanu sangadutse pa bala yekha? Ndinati adikira, tsiku lija anadikira ola lathunthu. Kenako ndinamva mvula ikuyamba padenga la malata.

Itakwana teni tu sikisi ndinaimika simbi, ndinazimitsa, n'kutuluka abwana akukuwa kumbuyo. Ndinathamanga, ine amene, chitenje chili m'manja, mvula ikundimenya kumaso. Nditafika ndinayang'ana pamwamba pa mlatho. Panalibe munthu.

A Tcheya anali pakhomo, ambulera yonyowa ili pambali pawo. "Musakwiye mayi," anatero mwaulemu. "Mwanayu amanyowa pamwamba paja ndi mwendo wake wodwala. Ndinakamutenga ndi ambulera kuti angousa pakhonde pano. Tikanamusiya?"

Ndinawakankha n'kulowa. Alamu anali pamzati. Patsogolo pawo panali botolo limodzi lopanda kanthu, ndi lachiwiri lotsegula, lodzaza, dzanja lawo litalizungulira. Atandiona sanadzidzimuke. Anangoyang'ana botolo lija, n'kuyang'ana ine, nkhope ili ngati ya munthu amene wamva uthenga wa maliro.

Sindinakalipe. Ndinamasula zala zawo pabotolo paja chimodzichimodzi, ndinawapatsa ndodo yawo, tinatuluka.

Panjira mutu wanga unkagwira ntchito. Botolo limodzi munthu sadzandira nalo. Ndinaima paokala n'kugula chingamu cha fungo lamphamvu. "Tafunani izi. Tikafika mulowere kumbuyo, mukagone, ndinena kuti bondo lavuta. Chakudya ndikubweretserani konko. Mawa kukacha nkhani yatha."

Anachiyang'ana chingamu chija m'dzanja langa, osachitenga.

"Alamu, tafunani! Mlandu ndi wanga, ndachedwa ndine. Mukufuna mukagone kuti?"

"Ndikabisa lero, mawa ndimwa awiri," anatero. "Ndimadzidziwa. Zaka zonse zija ndinkayamba ndi kutafuna chingamu."

Ndinawachonderera, ndinawatukwana, ndinawagwira malaya. Anangopitiriza kutsimphina. Titalowa pageti amuna anga anali pakhonde, akulongedza zipangizo zawo. Alamu sanakwere pakhonde, anaima pamvula pomwepo.

"Achimwene, ndamwa."

Amuna anga anaika pansi bokosi limene ananyamula. "Angati?"

"Limodzi."

"Ndinati chiyani?"

"Munati dontho."

Amuna anga analowa m'nyumba. Ndinamva chitseko cha chipinda chakumbuyo, kenako anatuluka ndi chikwama cha alamu ndi bulangeti, n'kuziika pamasitepe a khonde. Apa ndiye ndinaphulika. Ndinaulula zonse, za nsapato, za kugwa pamlatho, za kulalata kwa masiku onse aja. Ndinati ngati pali wotuluka pano ndine. Ndinati munthu wadziulula yekha, akanatha kubisa, kodi mtima wanu ndi mwala? Ndinawakumbutsa kuti chibale ndi fupa sichiola. Amuna anga anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Nsapato sizitsegula botolo," anatero. "Bambo athu tinawakhululukira kambirimbiri, mpaka tinawaika m'manda. Uyu ndikamukhululukira lero ndamupha."

Alamu anatola chikwama. Ndinawaperekeza kudutsa pa bala paja mpaka tsidya lina, ndipo ulendo umenewo palibe anayesa kutipatsa moni, nkhope yanga inkayankhula yokha. Mwini shopu anawalola kugona m'chipinda chosungira mipando yosatha, pakati pa fungo la guluu ndi utuchi. Pobwerera ndinalira njira yonse. Mumtima ndinali nditawaika kale m'ngalande.

Mawa lake sindinapite kumlatho. Ndikanakatani? Munthu tsopano ankagona tsidya lomwe lija, analibe chifukwa chowolokera. Ndinakhala kukhitchini osayankhulana ndi amuna anga. Nthawi itangopitirira sikisi koloko ndinamva ndodo ikugogoda pamsewu. Ndinasuzumira pawindo. Alamu anali kunja kwa mpanda, nsapato zobiriwira zili kuphazi, thukuta lili kamukamu.

"Mwaswera bwanji, achimwene?"

Amuna anga sanadzutse mutu. Alamu anadikira pang'ono, anatembenuka, n'kuyamba kubwerera. Ndinawathamangira.

"Mwadutsa bwanji paja nokha?"

"Chodumpha ndi mwendo umodzi, ndodo ikuthandiza. Ndi mayadi makumi awiri okha oipawo. Andiseka, koma sanandiimitse."

"Nanga mwabwereranji? Tsopano mudutsanso kachiwiri! Osangokhala konko bwanji?"

"Ndikakhala, faifi koloko isowa kopita," anatero. "Ikasowa kopita, njira ya ku bala imaidziwa yokha. Lero ndi tsiku loyamba, alamu. Ndayambiranso kuwerenga."

Anabwera mawa lake, ndi mkuja wake. Tsiku lililonse moni yemweyo kunja kwa mpanda, tsiku lililonse amuna anga duu, maso pawailesi. Ine ndinkawapatsira chakudya m'kontena pamwamba pa mpanda, amuna anga akuona, ndipo ndinkadikira kuti anene kanthu kuti ndiwadye amoyo. Sananene. Bondo linayamba kupola, ndodo inatayidwa, kudumpha kunasanduka kuthamanga kotsimphina, kenako kuthamanga kwenikweni, ndipo nthawi yofikira inabwerera pa hafu pasiti faifi. Koma munthu ankaonda. Kugona pansi pasimenti, kudutsa pa bala kawiri patsiku, kupereka moni kwa m'bale wako iye osayankha, ndinkaona kuti chingwe chimenechi tsiku lina chiduka. Ndinawauza amuna anga kuti mukumuyesa mopitirira. Anati, "Sindinamuitane." Sabata yomweyo anatembenuza tebulo lawo kuti liyang'ane kumsewu, ati chifukwa cha kuwala.

Tsiku la makumi anayi ndi chimodzi, hafu pasiti faifi inakwana popanda munthu. Ine ndinali pakhomo la khitchini ndi mpeni ndi anyezi, osadula. Kota tu sikisi. Amuna anga anali ndi chitsulo chowotcherera mawaya m'manja, chikufuka utsi, osachigunditsa paliponse. Sikisi koloko. Mumsewu munkadutsa anthu ochokera kuntchito, aliyense ndinkamuyang'ana kumapazi. Teni pasiti sikisi amuna anga anaimirira, mpando unagwa chagada, n'kutuluka pageti ndi patapata, osatseka. Ndinazula pulagi ya chitsulo chija n'kuwatsatira.

Zaka zonse zimene ndakhala nawo sindinawaonepo akuyenda choncho. Ndinkachita kuthamangira kuti ndiwapeze. Atafika pa bala sanayang'ane pamlatho, analunjika pakhomo. A Tcheya anaimirira ndi dzanja lawo lija, amuna anga anawadutsa ngati palibe munthu. Ine ndinaima panja ndikupemphera mawu osamveka. Ndinawaona akuzungulira mzati, akusuzumira kuseri kwa kauntala, mpaka kuchimbudzi. Anatuluka okha, nkhope itachita phulusa, n'kuyang'ana kungalande ya m'mbali mwa njanji.

Ndi pamene tinamva masitepe achitsulo akulira. Alamu ankatsika chothamanga, utuchi uli m'tsitsi, mkono atakweza kale kuti adutse. Ataona achimwene awo pakhonde la bala anaima njii, chifuwa chikukwera ndi kutsika.

"Unali kuti?"

Amenewo anali mawu oyamba a amuna anga kwa mng'ono wawo m'masiku makumi anayi ndi limodzi.

"Lole ya matabwa inafika mochedwa, achimwene. Timatsitsa."

Amuna anga anapita pafupi, anawagwira pakolala ndi dzanja limodzi, n'kuwakokera kumaso kwawo. "Puma," anatero. Pamaso pa a Tcheya, pamaso pa zidakwa zonse zimene zinatuluka kudzaonerera, munthu wa zaka makumi anayi ndi zitatu anatsegula pakamwa n'kupumira m'mphuno mwa mkulu wake. Ine ndinatseka maso ndi manyazi, ndi mantha. Amuna anga ananunkhiza kamodzi, kawiri. Nditatsegula maso ndinaona mapewa awo akutsika.

Koma kolala ija sanaisiye. Anatembenuka nayo ili m'manja n'kuyamba kuyenda, alamu akutsatira chowerama ngati wakuba wogwidwa pamsika. Anthu ankatipatukira, ena ankafunsa kuti walakwanji, palibe anawayankha. Ine ndinali pambuyo, ndikupukuta misozi ndi chitenje, anyezi uja ndikadali naye m'dzanja. Njira yonse ndinkangoona zala za amuna anga zitalimba pansalu paja mpaka mitsempha kutuluka.

Titafika kunyumba ndinaganiza kuti awasiyira kunja kwa mpanda. Amuna anga anakankha geti ndi phazi, n'kulowa nawo.